Foni, rekoda, laputopu kapena situdiyo: kujambula nyimbo zakale za rock pa gitala ya bokosi mu Blantyre

Mu Blantyre muno muli anthu ambiri amene anaphunzira gitala poyeserera nyimbo za rock za m'zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980, zija makolo ankazimvera pa wailesi ndi pa makaseti, ndipo ena mwa iwo afika pofuna kuzijambula m'njira yawoyawo, ndi gitala ya bokosi ndi mawu basi. Wina akufuna kuika pa YouTube kapena pa Facebook, wina akufuna choti akamvetsere mwini malo odyera ku Namiwawa kapena ku Sunnyside amene akusaka woyimba wa Lachisanu madzulo, winanso akungofuna kuti ana ake adzamve mmene ankayimbira. Onsewa funso lawo limakhala limodzi: ndigule chida chanji, kapena ndipite kwa ndani?

Ndisanayankhe, ndinene chomwe ogulitsa zida sanena. Nyimbo ya rock ikachotsedwa ng'oma, besi ndi gitala yamagetsi imatsala pambalambanda. Mu bandi, ng'oma zimakwirira zambiri: kupuma kwa woyimba, kukwecha kwa zala pa nsambo, galu wa aneba, ngakhale mawu ophonya pang'ono. Pa gitala ya bokosi zonsezi zimamveka, ndipo maikolofoni yabwino imazionetsera poyera m'malo mozibisa. N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi sangozimitsa magetsi n'kuyimba nyimbo mmene inalili. Pamene woliza gitala wa ku England Eric Clapton anajambulanso Layla ndi gitala ya bokosi pa pulogalamu ya pa TV ya MTV Unplugged mu 1992, nyimbo yomwe inatuluka koyamba mu 1970 ili yothamanga ndiponso yokuwa, iye anaichedwetsa, anasintha kagundidwe kake n'kuiyimba ndi mawu apansi, moti inamveka ngati nyimbo ina. Ntchito yomanganso nyimbo chonchi imachitika musanadine batani lililonse, ndipo palibe njira mwa zinayi zili m'munsimu yomwe ingakugwirireni.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba n'kudziwa kumene nyimboyo ikupita. Yoika pa Facebook, pomwe ambiri adzaimvera pa kasipika ka foni ali m'minibasi, sifunika kusalala ngati yomwe mukufuna kuti ikaulutsidwe pa wailesi kapena ikakhale pa Spotify pambali pa nyimbo za akatswiri.

Chachiwiri, chomwe kwa ine chimaposa zonse, ndi bata la malo amene mukajambulirepo. Mzinda wathu sukhala chete. Masana kuli njinga zamoto za kabaza, chigayo, ogulitsa malonda oyendayenda ndi ana akusewera. Lachisanu ndi Loweruka usiku kuli zoyimbira za m'mabala. Lamulungu m'mawa kuli zimkuzamawu za m'matchalitchi. Okhala cha ku Chileka ali ndi ndege. Ndipo kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, mvula ikayamba kugwa padenga la malata lopanda siling'i palibe chomwe chingajambulike. Ngakhale bata la pakati pa usiku silikhalitsa, chifukwa atambala amayamba kulira kusanache. Kuti mudziwe mmene malo anu alili, ikani foni pamene mungakhale poyimba, jambulani mphindi ziwiri muli chete, kenako mvetserani ndi mahedifoni. Chilichonse chomwe mumve pamenepo chidzakhalanso m'nyimbo yanu, kaya mwagula chida cha ndalama zingati.

Chachitatu ndi magetsi. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chida chodalira magetsi a pakhoma chimakukakamizani kujambula nthawi imene magetsi ayaka, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwenso aneba amayatsa wailesi, chigayo chimayamba kulira ndi owotcherera zitsulo amabwerera pa ntchito. Magetsi akazima m'dera lonse, m'pamene kumakhala bata labwino kwambiri, ndipo yekhayo amene ali ndi chida cha mabatire ndi amene amapindula nalo.

Chachinayi ndi ndalama, zogulira ndiponso zosamalira. Zida zojambulira zimachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo inasintha kotheratu, choncho ndizitchula mitengo ya kunja m'madola. Pamwamba pake muziwonjezerapo msonkho, zonyamulira ndi phindu la wogulitsa.

Chachisanu ndi kayimbidwe kanu. Oliza gitala ambiri anazolowera kuliza akuyimba, ndipo akawauza kuti ajambule gitala payokha kenako mawu paokha, nyimbo imauma chifukwa dzanja ndi pakamwa zinaphunzirira limodzi. Ngati ndinu wotero, sankhani njira yomwe ikulolani kujambula zonse nthawi imodzi ndi kubwereza kambirimbiri popanda wokuwerengerani maola.

Njira yoyamba: foni yokha

Mtengo. Ngati muli ndi foni yamakono, kaya Tecno, Itel kapena Samsung, munalipira kale. Mapulogalamu ngati BandLab ndi aulere, mumangofunika bandulo yotsitsira. Choimikira foni n'chothandiza, koma mulu wa mabuku pampando umagwiranso ntchito yomweyo.

Kupezeka kwake. Palibe chosakasaka. Timamaikolofoni tomangirira pakolala timapezeka m'masitolo a mafoni ku Limbe ndi m'tauni, koma tinapangidwira munthu wolankhula, ndipo pa gitala sitisintha zambiri.

Kasamalidwe. Kabowo ka maikolofoni ya foni kamadzaza fumbi ndi ulusi wa m'thumba, mawu n'kumamveka otsekeka, choncho muzikapukuta ndi kaburashi kofewa. Muzisamutsanso zomwe mwajambula tsiku lomwelo, chifukwa foni ndi chinthu chomwe chimabedwa, kugwa kapena kumira m'madzi pafupipafupi kuposa chida china chilichonse.

Zoopsa zake. Foni inapangidwira kulankhulana, choncho imadzikwezera ndi kudzitsitsira mawu yokha, komanso mapulogalamu ake ambiri amayesa kuchotsa phokoso. Vuto n'lakuti kulira kwa nsambo komwe kumazilala pang'onopang'ono foni imakutenga ngati phokoso n'kukudula. Nyimbo zambiri za rock mphamvu yake ili pa kuyamba motsitsa n'kudzaphulika pa kolasi, koma foni imakweza pomwe mwatsitsa n'kutsitsa pomwe mwakweza, zonse n'kufanana ngati phala. Funafunani pulogalamu yosunga mawu mu fayilo ya WAV, yomwe sifinya mawu, ndiponso yolola kuzimitsa zodzisinthira zokhazi. Chotsani netiweki musanayambe, kuopa kuti wina angayimbe foni muli pa ndime yomaliza. Popeza maikolofoni ndi imodzi, simungakweze mawu osakweza gitala mutajambula kale. Muyezo umakonzedwa poimika foniyo, pafupifupi mkono umodzi kuchokera pamene mwakhala, n'kumaikweza cha kukamwa kapena kuitsitsa cha ku gitala mpaka ziwirizi zitagwirizana. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa uthenga wa mawu wamba umafinyidwa kwambiri.

Njira yachiwiri: rekoda ya m'manja

Izi ndi zija atolankhani a pa wailesi amayenda nazo, zopangidwa ndi makampani ngati Zoom ndi Tascam. Oyimba athu ambiri amazidumpha, mwina chifukwa sizioneka ngati chida cha woyimba weniweni, komatu pa ntchito ya gitala ya bokosi mu mzinda uno ndi njira yomwe ndimaiona kuti anthu saipatsa ulemu woyenera.

Mtengo. Zing'onozing'ono, monga Zoom H1n ndi Tascam DR-05X, zimagulidwa pafupifupi madola 100 kunja. Zokulirapo ngati Zoom H4n Pro, zomwe zili ndi mabowo awiri olowetsera mamaikolofoni ena, zimafika cha m'ma 200. Muwonjezerepo khadi losungira mawu, mabatire otchajanso, kachipewa kotchinga mphepo ndi choimikira.

Kupezeka kwake. Apa ndiye pali vuto. Sizipezeka kawirikawiri m'masitolo a mu Blantyre, ndipo ambiri amatuma achibale kapena amalonda oyenda pa mabasi a ku Johannesburg. Njira ina n'kubwereka kapena kuchita hayala kwa ojambula makanema a maukwati, poti ambiri mwa iwo ali nazo zojambulira malumbiro ndi zolankhula, ndipo pakati pa sabata zimangokhala m'chikwama.

Kasamalidwe. H1n imayendera mabatire awiri a AAA, H4n Pro awiri a AA, ndipo musawasiye m'kati kwa milungu chifukwa akatuluka madzi amadya zitsulo zolumikizira. Mamaikolofoni ake ali pamtunda, osatetezedwa kwenikweni, moti kugwa kamodzi pasimenti kungathe kupha mbali imodzi. Malo osungira muziwawerengera: mawu a mbali ziwiri a WAV pa 24-bit ndi 48 kHz amadya pafupifupi mamegabaiti 17 pa mphindi, kutanthauza kuti nyimbo ya mphindi zinayi imafika pafupifupi 70, ndipo mukaibwereza kakhumi ndi kasanu mwadutsa gigabaiti imodzi.

Zoopsa zake. Rekoda imajambula chipinda chonse pamodzi ndi inu, choncho chipinda choipa chimamveka choipa bwinobwino. Koma ubwino wake wagonanso pomwepo: ngati kwanu kuli phokoso, mumainyamula n'kupita kumene kuli bata. Kalasi ya sukulu nthawi ya holide, kapena holo ya tchalitchi Lachiwiri m'mawa mutapempha kwa akuluakulu, imapereka mamvekedwe achilengedwe omwe ena amawagula ndi ndalama pa kompyuta. M'holo yaikulu muziyandikiza rekodayo, apo ayi mawu anu amira m'mawu obwerera kuchokera m'makoma. Amene akukayikira zida zonyamulika akumbukire kuti chimbale cha Zomba Prison Project, chomwe katswiri wojambula nyimbo wa ku America Ian Brennan anajambula m'ndende ya ku Zomba mu 2013 kutali ndi situdiyo iliyonse, chinafika popikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Zina zoti musamale nazo ndi mphepo, yomwe imaononga chojambula ngakhale ili ya fani ya m'nyumba, komanso kuigwira m'manja pojambula. Mukaikweza mopitirira, kolasi imang'ambika ndipo sizikonzeka. Yesani kaye ndime yaphokoso kwambiri, muone kuti muyezo wa kukwera kwa mawu, womwe umaoneka pa rekodayo, sukudutsa cha pa -12 dB. Zatsopano za 32-bit float, zomwe sizing'amba mawu msanga ngakhale akwere kwambiri, monga Zoom H1essential yomwe inatuluka mu 2024, zinachepetsa nkhawa imeneyi.

Njira yachitatu: laputopu, sound card ndi maikolofoni kunyumba

Sound card, yomwe ena amati audio interface, ndi kabokosi kolumikizira maikolofoni ku kompyuta. Iyi ndi njira yomwe achinyamata ambiri amailakalaka, ndipo ndi yomwe imapereka ufulu wochuluka, komanso ndi yomwe imadya ndalama ndi nthawi mosaonekera.

Mtengo. Behringer UMC22 ndi imodzi mwa zotsika mtengo. Focusrite Scarlett Solo ndi 2i2 zimayambira pamwamba pa madola 100 mpaka cha m'ma 200. Maikolofoni ya Shure SM57 ndi ya Audio-Technica AT2020 iliyonse ili pafupifupi madola 100. Musaiwale nthambo za XLR zolumikizira maikolofoni ku sound card, zoimikira ndi mahedifoni otseka makutu, zomwe zikaphatikizana zimatha kufanana ndi mtengo wa maikolofoni ina. Pulogalamu yojambulira ya Audacity ndi yaulere, pamene inzake ya Reaper imalola kuyesera masiku 60 ndipo laisensi ya munthu wamba ndi madola 60. Ngati mulibe laputopu kale, mtengo wonse umawirikiza.

Kupezeka kwake. Masitolo ogulitsa zoyimbira za m'matchalitchi ku Limbe ndi m'tauni amakhala ndi mamaikolofoni, nthambo ndi zoimikira, koma ma sound card abwino amabwera mwa apo ndi apo. Chenjerani ndi mamaikolofoni achinyengo: SM57 ndi SM58 ndi ena mwa omwe amakoperedwa kwambiri padziko lonse, ndipo okoperawo amafanana ndi enieni mpaka bokosi lake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo ukakhala theka la wa kunja, dziwani kuti si yeniyeni.

Kasamalidwe. Maikolofoni ya mtundu wa condenser, womwe umamva ngakhale timawu tating'ono, ngati AT2020, imadana ndi chinyezi. Nthawi ya dzinja ndiponso masiku a chiperoni mu Juni ndi Julaye imatha kuyamba kuthetheka ndi kufwenthera yokha, choncho muziisunga m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limatseka fani ya laputopu, n'kuyamba kulira kwambiri. Magetsi akazima, zulani zonse pakhoma, chifukwa kubwera kwake ndi komwe kumawotcha zida. Ndipo pewani mapulogalamu obedwa ogawana pa fulashi. Mavairasi ambiri amalowera pamenepo, ndipo angakutayitseni ntchito ya miyezi.

Zoopsa zake. Choopsa chachikulu n'kugula maikolofoni yosagwirizana ndi chipinda chanu. Ya condenser imafuna magetsi a 48V ochokera mu sound card ndipo imatola chilichonse. Ine ndinayamba ndi yotere m'kanyumba ka lendi ku Chilomoni, ndipo usiku woyamba nditavala mahedifoni ndinamva zinthu zomwe khutu langa linali lisanazimvepo: firiji ya pabalaza, mpopi wa panja ukudontha, ndi aneba akutsutsana za Bullets ndi Wanderers kuseri kwa mpanda. Gitala inamveka bwino ndithu, koma inali ndi anzake ambiri. Ya dynamic, ngati SM57, sitola zakutali kwambiri, ndipo m'nyumba zathu za makoma a pulasitala ndi pansi pa simenti nthawi zambiri imapereka chojambula choyera kuposa ya condenser yodula. Woyimba rock wa ku America Bruce Springsteen anajambula chimbale cha Nebraska, cha mu 1982, m'chipinda cha kunyumba kwake ku New Jersey ndi makina a kaseti a njira zinayi ndi ma SM57 awiri.

Chipindacho chimafunanso kuchikonza. Makoma osalala amabweza mawu, gitala n'kumamveka ngati ili m'bafa. Matiresi oimika kumbuyo kwanu, mabulangete okhuthala pazenera, mkeka ndi kapeti pansi, ndi wodilopu yotsegula yodzaza zovala zimathandiza kwambiri. Mathireyi a mazira omata kukhoma, omwe ambiri amawakhulupirira, satchinga phokoso la kunja, amangosonkhanitsa mphemvu. Maikolofoni ya gitala musailozetse pabowo, pomwe pamatuluka mawu a pansi okhaokha, koma cha pa fret ya 12 (fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala), pafupi ndi pomwe khosi limakumana ndi thupi, pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30. Ngati mukujambula mawu ndi gitala nthawi imodzi mufunika sound card ya mabowo awiri a maikolofoni, ngati 2i2, osati Solo yomwe ili ndi limodzi. Mukamva kulira kwa pansipansi kosalekeza, nthawi zambiri ndi magetsi a 50 Hz akulowera pa tchaja m'nyumba yomwe mawaya ake alibe earth yabwino. Zulani tchajayo mujambulire pa batire. Ma sound card ang'onoang'onowa amatenga mphamvu ku laputopu kudzera pa USB, choncho batire likakhala lamoyo mungathe kugwira ntchito magetsi atazima.

Choopsa china n'chosaoneka: kompyuta imalola kuwonjezera, ndipo munthu amayamba ndi gitala imodzi n'kutha ndi magitala anayi, kiyibodi ndi kwaya. Ena amatha miyezi akuphunzira mabatani, gitala ili pakona ikuchita dzimbiri.

Njira yachinayi: situdiyo yolipira

Mtengo. Masitudiyo ena amalipiritsa pa nyimbo, ena pa ola, ndipo mitengo imasiyana kutali pakati pa kachipinda ka kuseri kwa nyumba ndi situdiyo yomangidwa bwino. Kulipira pa nyimbo kumaoneka kotchipa, koma wojambula amafuna kuti muthe msanga kuti alowetse wina. Kulipira pa ola kumakomera yekhayo amene wakonzeka mokwanira. Funsani poyambirira ngati mtengowo ukuphatikiza kusakaniza mawu ndi mastering (kusalaza komaliza kwa nyimbo yonse), kuti mungabweze kangati kuti akonze, ndiponso ngati adzakupatseni mafayilo osasakaniza a gitala ndi mawu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mafunso amenewa afunsidwe ndalama isanachoke pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Kupezeka kwake. Masitudiyo alipo ambiri, ku Ndirande, Zingwangwa, Chilobwe, Bangwe, Machinjiri ndi kwina. Koma ochuluka anamangidwira nyimbo zauzimu ndi za achinyamata, zomwe zoyimbira zake zimapangidwa pa kompyuta ndi mapulogalamu ngati FL Studio, woyimba n'kungolowa m'kachipinda kuikapo mawu. Kachipinda koteroko nthawi zina sikakwana munthu wokhala pampando ndi gitala, ndipo maikolofoni imakhala imodzi. Musanasankhe, pemphani kuti akumvetsereni nyimbo yomwe anajambulapo gitala ya bokosi ndi maikolofoni, osati yolowetsa nthambo, chifukwa gitala yolowetsedwa pa nthambo imamveka yowonda ngati lata.

Kasamalidwe. Zida si zanu, choncho mulibe nkhawa nazo. Chanu n'kusamala gitala ndi mafayilo. Nsambo zatsopano muziike masiku awiri kapena atatu lisanafike tsikulo kuti zikhazikike, ndipo tsiku lomwelo mutenge kope la zonse pa fulashi yanu. Kompyuta za m'masitudiyo zimafa ngati zina zonse.

Zoopsa zake. Vuto lalikulu si zida koma kusiyana maganizo. Chaka china ndinaperekeza mnzanga ku situdiyo ina, komwe anajambula nyimbo ya m'ma 1970 ndi gitala ndi mawu okha, ndipo tinachoka titakhutira. Titabwerera patatha sabata tinapeza mwaikidwa ng'oma za pa kompyuta ndi kiyibodi yolira ngati zeze, mawu ake atawongoledwa ndi makina mpaka kusasa kuja komwe kunkakometsa nyimboyo kutatheratu. Mnzangayo atadandaula, wojambulayo anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Achimwene, mmene munaisiyira ija inali ngati sinathe. Anthu saimvera yopanda bithi." Sanachite mwanjiru, anachita zomwe makasitomala ake ambiri amafuna. Koma mafayilo oyambirira anali atawasintha kale, ndipo kubwezeretsa kunafuna kujambulanso ndi kulipiranso. Choncho nenani momveka kuti simukufuna chowonjezera chilichonse, ndipo mukhalepo posakaniza. Funsaninso za jenereta: ngati ili pafupi ndi khoma, kunjenjemera kwake kumalowa m'maikolofoni, ndipo pa nyimbo ya gitala yokha palibe chokwirira. Pomaliza, munthu wosazolowera amachita mantha akaona wojambula akumuyang'ana pagalasi ndiponso nthawi ikutha, ndipo mantha amamveka m'mawu.

Za umwini wa nyimbo, zomwe zikukhudza njira zonse

Nyimbo za rock za m'zaka zimenezi zidakali zotetezedwa ndi malamulo. Malawi analowa m'pangano la Berne mu 1991, ndipo lamulo lathu la umwini wa zaluso la mu 2016 limatetezanso ntchito za olemba akunja. Chojambula chanu ndi chanu, koma mawu ndi chuni ndi za amene anapeka. Pa YouTube, makina a Content ID amatha kuzindikira nyimbo ngakhale mwaiyimba nokha, ndipo nthawi zambiri eni ake amaisiya n'kumatenga ndalama za otsatsa malonda, ngakhale ali ndi mphamvu yoitsekanso. Pa Facebook kanema amatha kuzimitsidwa mawu. Kuti muigulitse kapena kuiika pa Spotify ndi malo ena otero mufunika chilolezo chojambuliranso nyimbo ya wina, chomwe makampani ena ofalitsa nyimbo, monga DistroKid, amakonza pa malipiro apadera a m'madola, ndipo kupeza khadi lolipirira kunja masiku ano ndi nkhani ina payokha. Kumasulira mawu ake m'Chichewa, komwe ambiri timakulakalaka, kumatengedwa ngati kusintha nyimbo ndipo kumafuna chilolezo cha eni ake mwachindunji. Pa zogulitsa ndi zoyimba pagulu kuno kwathu, bungwe lofunsa ndi COSOMA, loyang'anira umwini wa zaluso. Ndikutchula zimenezi pano chifukwa zimakhudza bajeti: si nzeru kuthira ndalama zambiri pa chojambula chomwe phindu lake lidzapita kwa wina, pokhapokha ngati cholinga chanu n'kudzitsatsa.

Njira iti kwa ndani

Ngati mukungoyamba, kapena mukufuna kumva ngati kamangidwe katsopano ka nyimbo kakugwira, gwiritsani ntchito foni ndipo musagule kanthu. Ndalama zomwe muli nazo zipite ku nsambo zatsopano ndi kwa mmisiri wokonza khosi la gitala kuti isamaphonye chuni.

Ngati mumakhala m'dera la phokoso monga Ndirande kapena Mbayani, m'nyumba ya lendi yogundana ndi ena, ndipo mumaliza gitala mukuyimba, rekoda ya m'manja ndiyo ikuyenerani, chifukwa yankho lanu n'kuchoka pamalopo osati kulimbana napo. Ndi yabwinonso kwa anthu awiri kapena atatu oyimba pamodzi, amene angathe kukhala moizungulira n'kudziyeza okha poyandikira kapena kutalikira. Yambani ndi ya hayala kwa tsiku limodzi musanatume ku Johannesburg.

Ngati muli ndi laputopu kale, chipinda cha siling'i m'dera labata, ndipo mukufuna kumatulutsa nyimbo mwezi ndi mwezi, gulani sound card ya mabowo awiri ndi maikolofoni ya dynamic imodzi poyamba. Ya condenser idzabwere mutatsimikiza kuti chipinda chanu chikuilola. Njira imeneyi imabweza ndalama zake kwa munthu wojambula nyimbo zambiri; kwa wofuna nyimbo ziwiri zokha ndi kutaya.

Ngati mukufuna nyimbo ziwiri kapena zitatu zosalala, zoti mukamvetsere oyang'anira mahotela kapena okonza maukwati, ndipo mumatha kuziyimba kuyambira poyamba mpaka pomaliza osalakwitsa, pitani ku situdiyo, koma yokhayo yomwe yakumvetserani gitala ya bokosi yojambulidwa bwino. Yesererani kunyumba ndi foni kwa milungu iwiri kuti musakaphunzirire nyimbo pa ola lolipira.

Pali njira yapakati yomwe ambiri saiganizira: kujambula nokha ndi rekoda kapena laputopu, pa nthawi yanu ndi pamalo a bata, kenako n'kupereka mafayilo a WAV kwa wodziwa kusakaniza mawu kuti angomalizitsa. Imayenera munthu amene amayimba bwino akakhala yekha koma alibe chidwi chophunzira mabatani. Mukasankha imeneyi, musaike eko kapena chokometsera chilichonse pa mafayilowo, jambulani masekondi 30 a chipinda muli chete kuti wosakanizayo akhale ndi chitsanzo cha phokoso lofunika kuchepetsa, ndipo mumutumizire mitundu itatu yabwino kwambiri ya nyimbo iliyonse, osati yonse khumi ndi isanu.